Kabelu ka Bambo

Lolemba, 4 Ogasiti

Zatsimikizika. Bambo akusamukira kwa mlongo wanga pa 17. Nyumba yake ilibe masitepe, chipatala cha maso chili pafupi. Zomveka ndithu. Kutali kokha, basi ya tsiku lathunthu. Loweruka lomaliza abale adzasonkhana kudzawatsanzika, ndipo mayi akunyumba alonjeza kale aliyense kuti "amatsenga" adzaonetsa kanthu. Amatsengawo ndine. Sanandifunse n'komwe.

Kanthu kanji? Zonse zimene ndimachita ndi za Bambo. Dzira lotuluka m'khutu, mipango yosintha mtundu, chingwe chodulidwa n'kulumikizikanso. Nthabwala zomwe ndi zawo. Ngakhale kakhosomo kaja ndisanavule chipewa. Zaka zonsezi kuzungulira m'masukulu ndi m'maphwando a ana nditavala jekete lawo lakale, lalitali manja.

Madzulo ndimayeserera pabalaza. Bambo ali pampando wawo, maso atayera, nkhope italoza kukhoma. Ndangosowetsa dzira, iwo: "Lalowa kumanzere. Nsalu yalira." Nsalu kulira! Ine wonamiza holo yodzaza anthu a maso awiriawiri, kugwidwa ndi nkhalamba yosaona.

Ndikufuna chimodzi chokha chomwe chili changachanga. Chimodzi choti alephere kuchitulukira, asanakwere basi.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Wotulukira zinthu wamkulu wayamba ntchito. Madzi osowa m'kapu: siponji pansi pa kapu, kuthira, kutembenuza, palibe dontho. Ndinadzitama ndekha kubafa. Pabalaza Bambo anangonunkhiza. "Siponji ya mbale iyo. Ukabweze, mkazi wako akuifuna."

Masana ndinabwereka nkhunda kwa aneba. Yandiipitsira m'chipewa, yathawira pamwamba pa katani, yakana kutsika mpaka mwini wake atabwera ndi chimanga. Bambo kuseka mpaka kutsokomola. Akuti iwo nkhunda anaisiya ine ndisanabadwe, pa chifukwa chomwechi.

Chipewa chili padzuwa. Inenso ndikanadziyanika pomwepo.

Loweruka, 9 Ogasiti

Phwando la kubadwa kwa mwana wa mwini sitolo ya mankhwala. Ndili pakati pa cha chingwe, kamtsikana ka mano ogweluka kaimirira: "Zingwezo n'ziwiri! Agogo anga anandiuza, anazionera ali mwana!" Makolo kuwomba m'manja, kuwombera iko. Tsobola wakale sawawa.

Ndabwera wapansi kuti mkwiyo uthere m'njira. Sunathe. Ndinawauza Bambo, ndikuyembekeza kachitonthozo. Iwo anangobwereza lamulo lawo lakale lija: "Munthu akanena kuti 'tabwerezani', dziwa kuti wagwidwa. Ndipo iwe usabwereze." Chabwino. Koma ine chibadwire sindinamvepo mawu amenewo kuchokera pakamwa pawo. Zimandipweteka, ndilembe poyera. Munthu wamkulu wa ndevu zaimvi ngati ine, kulirira kuyamikiridwa ngati mwana wa sitandade wani.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Dzulo ndi dzana palibe. Kukhala, kuyang'ana denga, kudya.

Lero m'mawa ndimawaveka jekete, monga mwa masiku onse. Matumba akunja amawasisita okha: mpango uku, maswiti a chifuwa uku. Thumba lam'kati salikhudza. Linali la magalasi. Chisiyireni magalasi dzanja lawo siliyendanso kumeneko. Ndinaima kaye nditagwira kolala.

Kenako analiza kabelu kawo kuitanitsa tiyi. Kabelu kamkuwa kaja ankatsegulira nako masewero, ka mng'alu m'mbali, kolira mosasa mawu. Masiku ano ntchito yake n'kuitana tiyi ndi ine.

Ndipo mutu unatseguka. Chitsiru iwe, wakhala ukubisa zinthu kwa maso, pamene mwini wake amaona ndi makutu! Namiza makutuwo. Sowetsa chinthu chimene sichingayende mwakachetechete. Belu.

Pafunika awiri olira chimodzimodzi. Lawo lenileni ligone m'thumba la magalasi, litatsekedwa pakamwa ndi thonje. Thonjelo ndilisokerere ndi ulusi pansi pa thumba, kuti akamadzatulutsa belu, thonje lidzatsale m'kati, belu lidzalire m'dzanja lawo. Linalo, labodza, n'lomwe ndidzalize ine n'kulisowetsa.

Sindinachionepo kwa munthu. Ndikuopa kuchikonda msanga.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndatenga kabelu ka Bambo ponama kuti ndikukakapukuta. Kumsika ndasesa tibelu tonse tofanana nako. Kuyesera kunyumba sikungatheke, makutu ajawa. Ndiye tsiku lonse ku shedi ya alamu okonza njinga, ine ndi hamala, kufuna kuswa belu pang'ono pokha kuti lisase mawu ngati lawo.

Kuswa pang'ono n'kovuta kuposa kuswa kwambiri. Loyamba linaphwanyika pakati. Lachiwiri linaphwatalala. Lina linathawa hamala n'kugwera m'beseni la madzi oyesera machubu. Ana a sukulu anabwera akuthamanga, ankayesa ndikugulitsa ayisikilimu. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali: "Alamu, ngati ntchito yavuta ingonenani, ndikuphunzitsani kumata machubu." Chala chachikulu chatupa, chikhadabo chada.

Lotsiriza lenileni, kakhome kamodzi kamantha, mng'alu wochepa. Ndinaliza. Mawu a Bambo enieni. Alamu anatsinzina, ndinaliza onse awiri mosinthanasinthana, analephera kusiyanitsa. Koma alamu ndi munthu woti samva ngakhale mkazi wawo akuwaitana.

Mayeso enieni kunyumba. Ndinaliza labodza ndili kukhitchini. Kuchokera pabalaza: "Iwe, bweza belu langa, si chidole chimenecho!" Ndinavina ndekha pafupi ndi sinki, mwakachetechete, masokosi okhaokha. Mayi akunyumba anandipeza mwendo uli m'mwamba, anangotuluka osafunsa.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Kusoka. Ndabaya chala kangapo, chotupa chomwe chija. Mayi akunyumba anadzipereka kuti andithandize, ndinakana. Chikhale changa mpaka ulusi womwe. Msoko wake wokhota ngati njira ya munthu woledzera, koma wagwira.

Labodza ndidzalitsina lilime ndi chala, n'kulitsitsira m'sokosi yodzaza thonje yomwe ndapachika m'kati mwa buluku. Ndayeserera mpaka mwendo kuchita dzanzi. Ukaipa dziwa nyimbo.

Makatoni a Bambo ali m'khonde, omangidwa kale. Moyo wonse wa munthu, makatoni ochepa chonchi. Ndinawafunsa ngati zida zawo zakale azitenga. Akuti zitsale, "uzidyerabe." Kabelu kokha ndiye akupita nako. Bwanji mawa akangoti "lili m'buluku" pamaso pa abale onse? Ndidzapita kukamata machubu.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndilembe msanga.

M'mawa ndinabwerekanso kabelu. Anang'ung'udza, anapereka. Ndinakatseka ndi thonje m'thumba muja, n'kuwaveka jekete monga mwa masiku onse. Anasisita mpango, anasisita maswiti. Thumba la magalasi sanalikhudze.

Pabalaza podzaza. Mlongo wanga, alamu, azakhali, aneba a nkhunda aja. Ndinayamba ndi zakale dala, ndipo Bambo anachita zawo, kufotokozera anthu chilichonse: "Kumanzere. Zingwe ziwiri. Wachedwa kutembenuka." Anthu kuseka, ine kuwerama ngati wolakwa. Ndinawasiya akhute.

Kenako ndinaliza belu labodza pafupi ndi khutu lawo, kumanja, kumanzere, pamwamba pa mutu. Ndinati ndilisowetsa. Iwo: "Belu silisowa, mwana iwe. Limadziulula lokha." Ndinaliza komaliza, kutsina, kutsitsa. Zii.

Ndinawapatsa manja anga. Anapapasa zikhato, pakati pa zala, manja a jekete onse awiri mpaka m'khwapa, chipewa, ngakhale m'kamwa anafuna kulowamo. Anapendeketsa mutu kumvetsera. Pabalaza ponse osapuma. Ndinati, "Bambo, tafufuzani m'thumba la magalasi."

Dzanja linapita pang'onopang'ono, ngati likulowa m'nyumba ya eni. Linatuluka ndi kabelu, kakulira mosasa mawu. Anapapasa mng'alu ndi chikhadabo. Kawo kenikeni. Azakhali anakuwa, alamu anagwetsa kapu. Bambo kukamwa kuli yasa. Kenako motsitsa mawu, ngati akudzilankhulira:

"Tabwereza."

Ndinati, "Wamatsenga sabwereza, Bambo. Munandiphunzitsa ndinu." Ndinathawira kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve. Ngati kuti pali chimene samva.

Kabelu anakaponya m'thumba la maswiti. "Kanga aka." Mawu oti wachita bwino, ayi. Zilibe kanthu, ndakhuta.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Wotulukira zinthu wamkulu anaiwala chinthu chimodzi: kuchotsa thonje m'thumba. Ndinakumbukira m'mawa ndikutsuka m'kamwa. Kuthamangira kuchipinda kwawo, ndinapeza avala kale jekete, okha, mabatani atasemphana. Nkhope yosalakwa ngati ya khanda. Ndinangowakonzera mabataniwo.

Kokwerera basi phokoso, utsi, makatoni padenga. Mlongo wanga akukangana ndi kondakitala za mpando wa pawindo, wa munthu wosaona. Bambo anandikumbatira, chinthu chimene sachita. Anandigwira nthawi yaitali, akundisisita pamsana, n'kunena kuti jekete langali manja ake ndi aatali, ndikalidulitse. Basi inanyamuka. Ndinabayibitsa ngati chitsiru, ngati angaone.

Kunyumba mpando wawo uli pomwepo, woloza kukhoma. Palibe woitanitsa tiyi. Ndinavula jekete kuti ndilipachike, ndinamva kulemera mbali imodzi. Thumba lam'kati.

Kabelu. Kotsekedwa pakamwa ndi thonje langa lomwe lija, ulusi wanga wokhota ukulendewera, atauduladula ndi mano. Ndayenda nako njira yonse kuchokera kokwerera basi, osamva kanthu, osadziwa ndi nthawi yomwe anakalowetsa.

Andibera. Zaka zonsezi ine kubwereka zawo, lero nkhalamba yaba changa, tsiku limodzi lokha chitabadwa, n'kuchichita bwino kuposa mwini wake.

Thonje sindinachotse. Ndikachotsa kalira, ndipo ine ndilira nako.