Koleji ya Pamwamba pa Shopu ya Misomali

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga. Msana uja bwanji? Alamu akuti mukumatsika m'thiraki mutapindika ngati chikwakwa, koma za kuchipatala simufuna n'kumva komwe. Inu simudzasintha.

Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo. N'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba. Pa foni mumayankhula nokha, ine n'kumangoti eya, eya, ngati ndikadali ka Chimutu kaja munkakaperekeza kusukulu. Pepala ndiye simungalidule mawu.

Nkhani ndi ya mwana wanu, Dokotala wathuyu. Dzina limeneli munam'patsa ndinu tsiku lija anamanga mphaka bandeji mpaka mphakayo kulephera kuyenda. Tinaseka tonse, koma inu simunkaseka, munkalosera.

Chiyambire Lamlungu lija munamuimbira, mwanayu sakhazikika. Atsegula buku, alitseka, apita pawindo, abwerako, atsukanso mbale zotsukatsuka. Inenso wandipatsira. Tikungozungulirana m'kanyumba kano ngati nkhuku zofuna poikira.

Munamuuza kuti asiye koleji imene akuphunzira za ku labotale, abwereze mayeso kachitatu, mwina ulendo uno amutenga Kumtunda, ku yunivesite yaikulu ija, akaphunzire udokotala weniweni. Munati mwana wanu sangakatenge pepala lake pamwamba pa shopu ya misomali. Iye anangoti chabwino adadi. Foni itaduka anakhala pansi m'khitchini momwemo, msana atatsamira firiji, osalira n'komwe.

Kulembetsa kwa chaka chatsopano kukolejiko kukutha kumapeto kwa mwezi uno. Akapanda kulembetsa, malo ake apita, ndipo zaka zimene wavutikira kumeneko zapita nawo. Kumtundako anamukana kawiri, ndipo palibe amene wam'lonjeza kuti kachitatu adzamutsegulira.

Musaganize kuti ndaiwala chimene Kumtunda kuli kwa inu. Munasiya sukulu inuyo, wanzeru kuposa ine, n'kukalendewera pachitseko cha minibasi kuti ine ndikafike kumeneko. Tsiku lolandira digiri munabwera ndi jekete lobwereka, manja ake akulekezera m'zigongono, ndipo pageti munapatsa moni mlonda mogwada poyesa ndi pulofesa. Ndinakusekani, koma nditalowa m'holo ndinalira. Zimenezo ndidzafa nazo.

Ndiye zimene ndikunena pano sindikunena ngati munthu wa kaduka amene anakanizidwa pageti. Ndinadutsa pageti limenelo, ndipo ndakhala ndikudutsapo m'mawa uliwonse kukaphunzitsa.

Anzanu kuntchito mumawauza kuti mlongo wanu amaphunzitsa Kumtunda. Simunama, koma theka linalo mumalimeza. Mukudziwa bwino kuti dzuwa likapendeka ndimatsika, n'kukwera masitepe a pambali pa shopu ya misomali ija, kukaphunzitsa kalasi ya Dokotala. Inu mumati ndi kaganyu chabe.

Achimwene, chikwama ndi chimodzi. Mapepala ophunzitsira ndi omwewo, ali ndi dontho lomwelo la tiyi pakona. Za tizilombo toyambitsa matenda zimene ndimauza ana a Kumtunda m'mawa ndi zomwezo ndimauza a kumisomali madzulo, kungoti madzulo mawu amakhala atasasa.

Pulofesa wotchuka uja, amene nkhope yake ili pa zikwangwani, kalasi imene ndimaphunzitsayo ndi yake. Ophunzira amamuona pachikwangwani pomwepo, mwini wake amakhala ali m'ndege kupita ku misonkhano. Sindikumunyoza. Munthuyo ndi katswiri, tsiku limene wapezeka n'kutsegula pakamwa ngakhale ine ndimatulutsa cholembera. Koma tsiku lakelo limabwera ngati kadamsana.

Sabata imene munaimbayo, Dokotala anandipempha kuti ndimutengeko akaone kumene mukumutumako. Ndinavomera msangamsanga. Mumtima ndinkati akamva yekha kuti phunziro ndi lomwelo, mtima wake ukhala pansi. Ndinadziyesa wochenjera.

Anakhala kumbuyo kwenikweni, atavala bulauzi yanga yoyera, atakumbatira chikwama ngati wina amulanda. Ine ndinayamba kuphunzitsa.

Pali kanthabwala kamene ndimanena chaka chilichonse tikafika pa za kusamba m'manja. Ndimafunsa kuti kodi landilodi wamkulu m'kalasi muno ndani. Ana amayang'anana, ine ndimadikira pang'ono, kenako ndimati ndi uyo sanasambe m'manja, ali ndi ochita lendi mamiliyoni ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amalipira. Si nthabwala yoti n'kugwa nayo pansi, koma imathandiza kuti asagone.

Tsiku limenelo ndinangofunsa funsolo, ndisanafike n'komwe pa yankho, kumbuyo kunamveka phwete. Mwana wanu! Holo yonse ili zii, iye yekha akuseka, chifukwa anali ataimva kale dzulo lake madzulo.

Mtsikana amene anakhala naye pafupi anamufunsa chimene akuseka. Dokotala, ndi mtima wake woyera uja, anamuuza kuti amadamuwa amanenanso zomwezi ku koleji kwathu, pamwamba pa shopu ya misomali. Mawu alibe miyendo koma amathamanga. Za kumene anakafika ndikuuzani kutsogoloku.

Titatuluka ndinamuonetsa malo. Apa m'pamene kuchenjera kwanga kunandithera.

Ndinamulowetsa mu labotale. Kukoleji kwawo makina oonera tizilombo ndi amodzi, kalasi yonse imachita kuima pamzere, ndipo babu lake linapsa kalekale moti amaunikira ndi tochi ya pafoni. Kumtunda aliyense ali ndi ake, ena ali ovundikira, osowa wowagwiritsa ntchito. Mwana wanu anaika diso pa amodzi n'kuiwala kuti ndilipo. Ndinachita kumukoka dzanja.

Ku laibulale anavula nsapato pakhomo poona kapeti, mpaka ndinamunong'oneza kuti avale. Panja, pakapinga, makampani anali atamanga matenti, akuitana okha ophunzira kuti adzawalembe ntchito. Masitepe a kumisomali sanakwerepo munthu wa kampani, kupatula wodzadula magetsi.

M'minibasi pobwerera ankangoyang'ana pawindo mpaka titayandikira kunyumba. Kenako anati azakhali, phunziro ndi limodzi, nthabwala ndi imodzi, koma adadi sakunama.

Ndiye sindikuuzani kuti Kumtunda ndi chikomekome cha mkuyu. Lingakhale bodza. Mabuku aliko, makina aliko, anthu anzeru aliko, ndipo dzina lake limatsegula zitseko munthu asanagogode. Chaka chatha mnyamata wina amene ndinam'khozetsa Kumtunda mochita kukoka ndi chingwe anapeza ntchito zotsatira zisanatuluke. Mayi wina wa kumisomali, amene sindinaonepo wogwira bwino ntchito ya magazi ngati iye, mpaka lero akuyenda ndi envelopu m'maofesi. Zimandipweteka, koma ndi mmene zilili.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti Kumtunda amasankha ana othamanga kale, kenako n'kumadzitama kuti miyendo anawapatsa ndi iwo. Ulemu wina ndi wawo ndithu, anaugwirira ntchito. Wina ndi wa geti, loti likamakana anthu ambiri m'pamene limatchuka. Ndakhala ndikuyesa kulekanitsa ziwirizi m'mutu mwanga ndipo sindikutha. Tsiku lina ndimadzuka ndikuwalemekeza, tsiku lina ndikuwatukwana.

Koma mwana wanu si mkangano wa m'mutu mwanga. Ndi munthu, ndipo akuonda. Siketi imene alamu anamutumizira ija akuchita kuimanga ndi pini. Mayeso aja anawalemba kawiri ndi mtima wake wonse, ndipo ulendo wachiwiri ndine amene ndinamutola pabenchi la pasiteji atakhala kuyambira m'mawa, akuopa kubwera kunyumba. Inu munali kutali, simunamuone nkhope. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Uyu mukufuna amutaye kuti akathamangire wa m'mphepo.

Tsopano za mawu aja anathamanga. Anakafika kwa mkulu wa dipatimenti yathu, ndipo anandiitana ku ofesi yake. Anandilandira bwino, ndi tiyi wa m'kapu ya sosala. Anati dzina la yunivesite si loti lizikagulitsidwa pamodzi ndi misomali, ndipo makolo akamva kuti ana awo akumva zofanana ndi za kumeneko adzafunsa mafunso ovuta. Ndinafuna kunena kuti mafunsowo ndi abwino, koma ndinameza.

Kenako anandiika pa mphambano. Anati ndikasiya kumisomali andilemba ntchito yokhazikika, yosachita kupempha chaka ndi chaka ngati pano, ndi ofesi yanga, dzina langa pachitseko. Ndikakana, teremu ino ndi yomaliza. Anamaliza n'kuti mapanga awiri avumbwitsa, akumwetulira ngati wandipatsa mphatso.

Ofesi imeneyo ndakhala ndikuilota kuyambira tsiku la jekete lanu lija. Ndinaona kale m'maso mwanga ndikukujambulirani chitsekocho, inu mukuonetsa anzanu pamalo oimikira mathiraki.

Masiku otsatira ndinayenda ngati wotaya kanthu. Ndinakwera minibasi yolakwika. Ndinathira mchere mu tiyi. Dokotala ankandiyang'ana, ine ndinkayang'ana iye, aliyense akubisa chake.

Ndinakafunsa mkulu wa kumisomali kuti ndikachoka zikhala bwanji. Bamboyo anavula magalasi n'kunena kuti wafunafuna kale munthu wa phunziro langa kwa nthawi yaitali ndipo palibe amene amavomera kukwera masitepe amenewo. Popanda phunziro limeneli kalasi ya Dokotala singamalize. Kumtunda ndikachoka Lachisanu, Lolemba pakhala pali wina, poti ofuna malowo ndi mzere.

Madzulo amenewo ndinaima pakhomo la kalasi ndisanalowe. Pansi ankatsitsa matumba a simenti, fumbi likukwera ndi masitepe, fungo la penti lili guu. M'katimo anthu anali atakhala kale: ena ndi yunifolomu za kuntchito, mayi wina akuyamwitsa uku akulemba, ndi mwana wanu patsogolo, akupukuta makina aja ndi mpango wake.

Lachitatu ndinapita Kumtunda kukabweza makiyi ndi khadi la ku laibulale. Makiyi sanandivute. Khadi ndi limene linandiliza, mpaka mayi wa pakauntala anandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Musandifunse ngati ndachita bwino, chifukwa sindikudziwa. Pali m'mawa wina ndimadzuka n'kuyamba kusita zovala za Kumtunda, kenako n'kukumbuka. Ndikudziwa kuti mukwiya, ndipo muli ndi ufulu wokwiya kuposa wina aliyense. Mundikalipire ine, ndili ndi msana.

Dokotala sindinamuuze, ndipo chonde musamuuze. Akamva adzati kuseka kwake ndi kumene kwandichotsa ntchito, ndipo adzatsala kumisomali chifukwa chondimvera chisoni. Sindikufuna atsale chifukwa cha ine, monganso sindikufuna achoke chifukwa choopa inu. Mwanayu wakhala akusenza maloto a anthu akuluakulu kuyambira tsiku la mphaka lija.

Pali china chimene simukudziwa. Lamlungu lija munaimba, iye anali akudikira foni yanu kuyambira m'mawa. Sabata imeneyo anawapatsa magazi oti ayeze, ndipo m'kalasi monse ndi iye anayamba kupeza kachilombo ka malungo, mnzake akumuunikira ndi tochi ya pafoni. Anafuula mpaka a m'shopu pansi anathamangira pamwamba poyesa kwabuka moto. Anakajambula kachilomboko poika foni pa diso la makinawo, kachithunzi kosaoneka bwino, kuti akutumizireni.

Foni italira anathamanga nayo, chithunzi chili chotsegula kale. Anangoti adadi, ndili ndi nkhani. Inu munati inunso muli ndi nkhani, n'kuyamba yanu. Chithunzicho chikadali m'foni mwake.

Sindikukupemphani kuti munene kuti kumisomali n'chimodzimodzi ndi Kumtunda. Sikofanana, ndipo mwana wanu waona yekha ndi maso ake. Mwina tsiku lina adzakalowa pageti lija ndi pepala la kuno m'manja, poti ena amatero. Mwina sadzalowa. Ndikukupemphani kuti mumumasule akalembetse mwezi usanathe, ngati ndi kumene mtima wake uli, ndipo adziwe kuti tsiku lomaliza mudzakwera masitepe amenewo ndi msana wanu wopindikawo.

Zimene munandigulira polendewera pachitseko cha minibasi sizinatsale Kumtunda pamodzi ndi makiyi. Zili m'chimutu changa chino, ndipo madzulo alionse zimakwera pamwamba pa shopu ya misomali kukapeza mwana wanu. Mukamati kumeneko kulibe sukulu, mukunyoza thukuta lanu lomwe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu ija inafika ndipo ndathokoza. Ana aang'onowo muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni m'misewu yaitaliyo, ndipo za msana mupite kuchipatala, musadikire kuti mwana wanu amalize sukulu kuti adzakuyezeni.

Lamlungu likubwerali foni yake idzakhala m'manja kuyambira m'mawa, ndikumudziwa. Mukaimba, musayambe ndinu. Mumufunse kuti nkhani yake ija inali yotani, kenako mukhale chete mpaka amalize.

Ndine mlongo wanu,
Chimutu