Otakar mu Yunifomu ya Adani

Hollywood, Novembala 1943

Okondedwa achemwali Ludmila,

Landirani moni wanga, inu ndi mwana wathu Jarmila. Kodi kuzizira kwa ku Leeds kukukutengani bwanji chaka chino? Chifuwa chija chinakusiyani? Pa chithunzi munatumiza chija Jarmila watalika ndithu, koma masaya palibe. Muzimukakamiza kudya. Khofi ndi sopo ndinatumiza mwezi watha, ndipo ngati sizinafike ndiye kuti khofi wanuyo akumwa ndi nsomba za m'nyanja.

Ine ndili bwino, monga amayankhira anthu a kuno ngakhale nyumba ikupsa. Dzuwa la lero ndi lomwe lija la dzulo. Malalanje akungogwa okha kuseri kwa nyumba, owadya palibe.

Achimwene athu a Otakar, bambo ake a Jarmila, nawonso ali moyo, akuyenda ndi miyendo yawo. Za alamu athu a Zdenka sitinamvebe kanthu chiwatengereni asilikali a ku Jeremani ku Prague. Koma a Otakar sakukhalanso kwa ine, ndipo kalatayi ndi ya nkhani imeneyo. Muiwerenge Jarmila ali kusukulu.

Inu simungadziwe mmene ndinkakhalira iwo asanabwere. M'makalata ndinkakuuzani za galimoto ndi maphwando, chifukwa ndi zimene munthu amalembera abale. Zoona zake n'zakuti chichokereni kwathu, Jarmila asanabadwe n'komwe, chinenero chathu ndinkachilankhula ndi galasi pometa ndevu. Mkazi wanga wa kuno anatenga galu ndi piyano n'kumapita. Ngakhale dzina anandilanda. A Pruitt, bwana amene amayang'anira mafilimu anga ku situdiyo, anati Bohumil Kratochvil silingakwane pa chikwangwani, ndipo wolitchula akhoza kuthyoka nsagwada. Kuyambira pamenepo ndine Bob Kray. Pa nsanja yojambulira ndimalamula anthu mazanamazana, ndikati mvula igwe imagwa, koma ndikafika kunyumba ndimadya choimirira.

Ndiye taganizirani tsiku limene a Otakar anatsika sitima ya pamtunda ndi kasutikesi kamodzi, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mawu awo oyamba anali akuti ndanenepa ngati wogulitsa nyama. Ndinalira pamaso pa anthu, achemwali, chifukwa panapita zaka zambiri munthu asananditukwane m'chinenero cha amayi.

Tinkakhala bwino. Iwo ankaphika supu wa adyo, ine knedliki, mibulu ya ufa yowiritsa ya kwathu ija, ndipo tinkakangana kuti amayi ankathira mazira angati. Ankati knedliki zanga n'zoyenera kugumulira nazo mpanda wa adani. Chimene chinkasowa ndi ntchito. Munthu amene ankadzaza holo ya zisudzo ku Prague mpaka anthu kuimirira m'makonde, kuno ankakhala pa benchi kudikira kuitanidwa pamodzi ndi anyamata ovina. Chingerezi chinawakanika. Amachidziwa, koma chikamatuluka chimatuluka ndi kwathu konse.

Anthu a kuno khutu lawo silisiyanitsa Mcheki ngati ife ndi Mjeremani. Kwa iwo aliyense wolankhula Chingerezi cholemera ndi mdani. Mutalowa mu kantini ya situdiyo masana mukhoza kuthawa. Matebulo adzaza mayunifomu a asilikali a ku Jeremani, ndipo onse owavalawo ndi anthu amene anathawa mayunifomu omwewo. Amamwa supu, zipewa zili pambali, n'kumafunsana ngati wina wamva za mlongo wake.

Chaka chino anandipatsa filimu ya nkhondo. A Pruitt atawaona a Otakar anandikokera pambali n'kunena kuti, "Bob, m'bale wako ali ndi nkhope ya mfumu, koma akatsegula pakamwa ndi mdani basi. Mupatse gawo la mkulu wa asilikali."

Ndinawauza a Otakar kuti akane, sitifa ndi njala. Iwo anatenga mapepala a seweroli n'kuwaponya mu mtengo wa malalanje. Patapita masiku, tikudya, anandifunsa ngati mafilimu anga amafika ku Mangalande. Ndinati onse amafika, ndipo inu munalemba kuti Jarmila salola kuti ya bambo ake aang'ono imuphonye. Anangoti, "Oho." Kutacha ndinawapeza akutola mapepala aja m'kapinga. Ine ndinaganiza kuti apukwa zisudzo.

Ku situdiyo kuli lamulo la nthawi ya nkhondo lakuti pa ntchito tonse tizilankhula Chingerezi, kuti ogwira magetsi asamaganize kuti tikuwanena. Choncho mkulu wanga weniweni ndinkamuitana kuti Bambo Otto, iye n'kumandiyankha kuti bwana dailekitala. Poyamba tinkaseka nazo.

Gawo lawo lalikulu linali lalifupi. Mkulu wa asilikali akukwera masitepe, akugogoda pa chitseko cha banja lina, kenako akudikira. Anzathu onse akavala yunifomu ija amakuwa ndi kumenyetsa nsapato pansi. A Otakar ayi. Anakwera pang'onopang'ono ngati munthu wodzacheza, anapukuta mapazi pa chopondera, n'kugogoda mwaulemu. Mtsikana wolemba zochitika anatuluka atagwira pakamwa. Sindinawafunse kumene anamuona munthu wogogoda chotero.

Koma podikira pa chitsekopo, anagwira thumba la kumanzere la jekete n'kulisisita kawiri. Mawa lake a Pruitt ataonera zimene tinajambula anati, "Kodi mkuluyu wataya machesi? Anthu aseka. Chotsa zimenezo."

Tinajambulanso. Ndinawauza m'Chingerezi, pamaso pa anthu onse, kuti dzanja likhale pansi. Anati, "Chabwino, bwana dailekitala," kenako n'kusisitanso thumba. Ndinati tibwereze. Anasisitanso. Tinabwereza mpaka wojambula anayamba kuyang'ana kudenga, ndipo ine makutu anatentha.

Kunyumba ndinawafunsa m'chinenero chathu chimene akufuna. Anayankha kuti, "Iwe ndi amene undiphunzitse poika dzanja langa? Ndinkakupukuta mamina ine." Mukuwadziwa achimwene anu. Ndipo mukundidziwa ine, mwana amene ankawapukutira nsapato kuseri kwa katani iwo akuomberedwa m'manja. Ndinaganiza kuti akufuna kundionetsa pamaso pa antchito anga kuti ndidakali yemwe uja.

Ndiye ndinachita zimene dailekitala aliyense kuno amachita ndi katswiri wosamva. Sindinakanganenso nawo. Ndinanong'oneza wojambula kuti asendeze kamera pafupi, itenge kuyambira m'mapewa kupita kumutu. Kenako ndinawauza kuti achite monga akufunira. Anagogoda, anadikira, anasisita thumba lawo, ine n'kufuula kuti zakhala bwino kwambiri. Tsiku limenelo anaphika akuimba, ndipo anati mwina ndili ndi mutu pang'ono. Ine ndinadya mokhutira, ndikudziona wochenjera.

Mwezi watha situdiyo inakaonetsa filimuyo kwa anthu wamba m'katauni kena, monga amachitira isanatuluke. A Otakar anavala suti yawo ya ku Prague. Gawo lawo litafika anthu anayamba kuwatukwana, mayi wina kumbuyo kwathu n'kukuwa kuti aphedwe. Iwo anandigwira mkono, ali maso pa nsalu yoonetsera. Panaoneka nkhope yokha, yaikulu ngati khoma, ikudikira pa chitseko. Anandisiya mkono, anaimirira n'kutuluka.

Ndinawapeza panja atatsamira galimoto ya eni. Sanandikalipire, ndipo zikanandipepukira akanatero. Anandiuza kuti Jarmila ali wamng'ono, a Zdenka ankapita naye ku holo ya zisudzo. Mwanayo akaona bambo ake atavala ndevu zabodza akupha anthu pa nsanja, ankalira mpaka kumutulutsa. Ndiye anapangana naye. Anamuuza kuti, "Ukaona ndasisita thumba ili, udziwe kuti ndine ndemwe, ndipo masiwiti ako ali momwemu." Kuyambira pamenepo, kaya akhale mfumu yankhanza kaya chigawenga, ankasisita thumba, mwana n'kukhala phee kudikira masiwiti ake. Mwina inu munkazidziwa izi. Ine ndinali kuno kugwetsa mvula yabodza.

Anati yunifomu ija anaivalira chimenecho basi. Makalata amafika ochepa, chithunzi sichigwedezeka, ndipo mwana anachoka ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankafuna kuti awaone akupuma. Kenako anandifunsa kuti, "Nanga tsopano mwana wanga akaona chiyani, Bohumil? Akaona munthu amene anatenga amayi ake, atavala nkhope yanga."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati, "Ndikanakuuza m'Chingerezi? Ndipo iwe ukanamuuza Pruitt, Pruitt n'kuziika m'nyuzipepala kuti matikiti agulidwe. Zinali za ine ndi mwana wanga." Ndinafuna kukana, koma ndikudziwa kuti ndikanamuuzadi Pruitt.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Pruitt. Si munthu woipa, anandipatsa mpando ndi ndudu. Ndinawapempha tsiku limodzi lokha lojambulanso, ndilipira ndekha. Anati masitepe aja anaphwasulidwa kale, matabwa ake tsopano ndi sitima ya m'filimu ina. Ndinafunsa za zidutswa zimene tinajambula poyamba, zoonetsa thupi lonse. Anati zinapita kosungunula, kuti achotsemo siliva. Ndinaumirirabe, mpaka anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Bob, iwe umangoyendetsa basi. Basiyo ndi ya kampani." Anawonjeza kuti m'bale wanga ndi chuma, ndipo amupezera kale magawo ena a mtundu womwewo.

Potuluka anandiimitsa mayi wosamala zovala, akudandaula. Anati ndiwauze Bambo Otto asamasiye zakudya m'mayunifomu a situdiyo. M'thumba la kumanzere anapezamo masiwiti atasungunuka ndi kutentha kwa magetsi, ndipo banga lake silikuchoka. Ndinamupepesa mayiyo, n'kukakhala m'galimoto nthawi yaitali osailiza.

A Otakar anasamuka sabata yomweyo. Akuchita lendi kachipinda kwa mayi wina wamasiye, pafupi ndi njanji ya tiramu, tisitima ta m'tauni tija. Anangotenga kasutikesi kawo kaja. Ku situdiyo timakumana m'khonde, iwo ali mu yunifomu ya filimu ya dailekitala wina. Amandigwedezera mutu n'kundipatsa moni m'Chingerezi, ndi dzina la Bambo Kray. Sakukananso gawo lililonse, ndipo ndamva kuti manja awo amakhala pansi osachita kuuzidwa.

Ndili ndekha, achemwali, kuposa mmene ndinalili asanabwere. Kale sindinkadziwa kuti m'nyumba muno mukhoza kumveka phokoso. Dzulo ndinapanga knedliki, zinatuluka zofewa bwinobwino, ndipo ndinazitaya.

Tsopano pempho langa. Filimuyo ili kale pa nyanja, ifika kwanuko Khirisimasi ikadutsa. Poyamba ndinkafuna kukupemphani kuti mumubise Jarmila, mumutume kwina sabata imeneyo. Koma dzina langa lidzakhala pa chikwangwani, anzake a kusukulu adzaonera, ndipo adzamva kwa iwo kuti bambo ake ndi amene akutukwanidwa m'tauni monse.

Chonde mupite naye nokha. Mukhale naye pafupi, ndipo magetsi asanazime mumuuze zonse zimene ndalembazi, osachotsa za ine. Mumuuze kuti munthuyo akagogoda n'kuyamba kudikira, ayang'ane phewa la kumanja. Limayenda pang'ono kawiri. Ndapita kukaonera mobwerezabwereza m'chipinda chodulira mafilimu, ndipo limayendadi. Dzanjalo ine ndinaliona ndi maso angawa, ndinali nditaima pambali pa kamera. Kuti sakuliona, wolakwa ndi bambo ake aang'ono, osati bambo ake.

Sindikubisirani, ndinaganizanso zoti mumuuze alembere bambo ake kuti dzanja analiona, ngati kuti ku Mangalande nsalu ndi yaikulu. Kunama ndi ntchito yanga, ndimalipidwa nako. Koma a Otakar sangapusitsidwe kawiri ndi kamera imodzi, ndipo mwanayo wataya zokwanira. Alembe zimene waona ndi zimene wamva mumtima, ngakhale zikhale zowawa. Ngati akufuna kunditukwana, anditukwane, bola m'chinenero chathu ngati akuchikumbukirabe.

Chimodzi chokha ndikupempha mwadyera. Kalata yakeyo musaitumize kwa mayi wamasiye uja. Muitumize kuno kwa ine, yomata, sindidzaitsegula. Ndadutsa pa nyumba ija kangapo ndi galimoto, ndipo sindinaime chifukwa ndilibe chonena. Ndikakhala ndi kalata ya mwana wawo m'manja, adzanditsegulira.

Mulungu akusungeni ku mabomba ndi ku chisanu. Mundiperekere moni kwa banja limene likukusungani, muwauze kuti sitidzaiwala. Jarmila mumupsompsone pa chipumi. A Zdenka tisaleke kuwapempherera.

Ndine mlongo wanu,

Bohumil