Msuku wa kuseri kwa tchalitchi

Okondedwa akulu anga ba Mailesi,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Kuno ku Chinyunyu tili moyo, koma amayi miyendo ikuwavutabe.

Chimanga chinapsa ndi dzuwa, monga munamva. Koma Mulungu sanatitaye: masuku abereka mpaka nthambi kuwerama. Ana a Amake Tisa, amasiye aja, akugonera omwewo. Pa Sabata tinaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mlengi chifukwa cha mitengoyi.

Lolemba ndinawapeza Amake Tisa akudula msuku waukulu uja wa kuseri kwa tchalitchi, zipatso zili mbwee pansi. Akuti aotche malasha, makala ogulitsa aja. Ndinakalipa kwambiri. Iwo anangoti, "Ba Esinati, mwana wadwala. Masuku amugulira mankhwala?"

Ndinathamangira kunyumba, n'kuwagawira ufa umene unatsala. Analandira ndi manja awiri, anandidalitsa, kenaka anatolanso nkhwangwa.

Akulu, ndiuzeni, ndikanatani? Wotipatsa mtengo ndi Mulungu, mwana wodwalayo ndi wakenso. Mukapeza mbewu kapena zovala zakale, tumizani pa basi, tigawane nawo. Mutipempherere. Ambuye akusungeni nonse.

Pamene ndikulemba pano, nkhwangwa ikumvekabe.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati