Dothi Lochokera kwa Amayi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa Amayi waphwa? Kuno ku Bowie, kutsidya kwa nyanja, tikudzuka ndithu, ine ndi mlamu wanu Kingsley. Mimba yakwana miyezi isanu ndi iwiri. Ndasankha kalata chifukwa pafoni Amayi amakhala pambali panu, ndipo makutu awo mukuwadziwa.

Mukukumbuka phukusi limene munapatsira a Gibson, anzathu aja amabwerabwera kumudziko, pobwerera kuno mu Marichi? Pansi pa usipa Amayi anaikapo dothi lowotcha bwino, atalikulunga m'pepala la shuga. Ndinali nditawalirira kuti mtima ukufuna dothi la kwathu. Ndinkadyera m'galimoto, kachidutswa popita kuntchito ku Springfield, kena pobwerera. Ine amene sindisambitsa nkhalamba za eni popanda magolovesi, amene ndinasiya ngakhale khofi chifukwa cha mwanayu.

Sabata yatha adokotala anandiuza kuti m'magazi mwanga muli mtovu wambiri, chitsulo chapoizoni chija, ndipo mwana ndi wochepa poyerekeza ndi miyezi yake. Anati chimene chili m'magazi mwanga chimamufika iyenso, ndipo chingamuwononge ubongo. Tidzadziwa akamakula. Anafunsa ngati nyumba yathu ili ndi penti wakale, kapena ngati pali chachilendo chimene ndimadya. Kingsley anali pomwepo. Ndinati palibe.

Achemwali, ndinanama. Ndinachita manyazi.

Loweruka lonse Kingsley anakhalira kukanda zipupa ndi kutunga madzi apampopi m'timabotolo kuti akayezetse, akudzida kuti anatilowetsa m'nyumba yoipa. Ine ndinkangomuyang'ana. Lolemba ndinapita ndekha kuchipatala ndi chidutswa chotsala. Anachiyeza, ndipo mtovu uja unali momwemo. Apo ndi pamene ndinakumbukira kumene Amayi amakumba, kuseri kwa msika, kumunsi kwa malo aja amaphwanyirako mabatire akale a galimoto.

Tsopano mwana akakhala chete kwa ola limodzi, ndimaima pomwe ndili, dzanja pamimba, kudikira kuti agunde. Ndili ndi mantha. Chondiopsa kwambiri n'chakuti mvula ikagwera pa fumbi kuno, malovu amadzazabe m'kamwa.

Kingsley ndimuuza ndekha lero akaweruka. Kwa inu ndikupempha ziwiri. Mng'ono wathu Lenifa nayenso ndi woyembekezera, ndipo akudya dothi lomweli. Mumulande dothi lonse, mumuuze kuti achipatala aletsa, ndipo mupite naye akayezetse magazi.

Chachiwiri, Amayi asadziwe kuti ndi dothi lawo. Anakakumba okha ndi mwendo wotupa uja. Dzulo anandiuza pafoni akuseka kuti awotcha kale lina, a Gibson abwera nalo mwezi wamawa. Ndinati zikomo. Mulilandire inuyo lisanafike kwa a Gibson, mukalitaye m'chimbudzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Lenifa ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo mwanayu muzimutchula m'mapemphero. Amayi akafunsa, muwauze kuti lafika, ndipo ndi lokoma.

Ine mng'ono wanu,
Callista