Mpichesi wa Amayi Sudulidwa

Chinakanaka, Mulanje
14 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Lily,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Ife tilipo, bondo lokhali.

Ndiyambe ndi kuulula. Mpichesi uja anabzala malemu amayi kuseri kwa khitchini, umene m'kope langa ndi nambala 7, ndinavomera kuti udulidwe. Mwana wanga Kingstone amafuna kumangapo nyumba, ndipo m'makalata awiri apitawa ndinakubisirani. Nkhwangwa inali itanoledwa kale.

Kutatsala masiku atatu kunabwera Doris, mdzukulu wanga wa ku yunivesite uja, atanyamula bokosi la ayezi. Akufufuza mmene mapichesi amadzikonzera dzuwa likawavulaza. Ndinamufunsa kawiri, n'kulemba. Akuti m'tsamba lililonse muli malangizo a mtengo otchedwa DNA, ngati ulusi wautali, ndipo dzuwa likanyanya ulusiwo umawonongeka. Koma mtengo uli ndi majini, osati a ziwanda aja koma timagawo ta ulusiwo, amene amapangitsa mapuloteni okonza: ena amapeza powonongeka, ena amadulapo, ena n'kusokapo.

"Ndiye matelala," ndinatero.

"Eya agogo, koma awa sapuma Lamulungu."

Apo ndinatulutsa kope. Paja munkandiseka kuti ndimawerenga ndi nyerere zomwe? Kwa zaka 18 ndakhala ndikulemba tsiku la maluwa, zipatso ndi nthambi zowauka pa mitengo yonse 12. M'zaka zinayi za dzuwa loopsa, nambala 7 ndiwo unawauka pang'ono chabe poyerekeza ndi ina yonse. Doris anawerenga ali chiimire mpaka tiyi anazizira. Akuti sanganene msanga kuti matelala a mtengowu ndi akhama kuposa ena. Ayenera kutengako masamba zaka zitatu, mtengo uli moyo.

Kingstone anati, "Amayi, nyumba ilephereke chifukwa cha masamba?"

"Silephereka, bambo. Isuntha."

Ndinayeza ndekha ndi chingwe, mamita asanu cha kumsewu. Anang'ung'udza masiku awiri, lachitatu anazula zikhomo zake.

Doris watenga masamba 48, ndipo akuti dzina langa lidzalembedwa m'kafukufuku wake. Ndamuuza alembenso la amayi, poti anabzala ndi iwo.

Moni kwa alamu ndi ana. Chaka chino nambala 7 wabereka mapichesi 213, adzapsa mu Novembala. Papita zaka zisanu ndi zinayi chilawireni inu. Nthambi ya kum'mawa, pamene amayi ankayala mphasa, sindilola munthu kuthyolapo.

Ndine mng'ono wanu,
Cecilia