Ndinalowa Kuchipinda kwa Abambo

Amayi anga, kaya kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndalemba kuti tithetse nkhani imodzi, pakuti mwini chipinda ndinu. Kodi mwana wamkazi wotha msinkhu angalowe kuchipinda kwa bambo ake, ngati moyo wa bambowo uli pachiswe? Azakhali a ku Wolverhampton, alongo awo a abambo, akuti ayi. Ine ndikuti inde, ndipo lero chimwemwe chikundilepheretsa kukhala pansi.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Kumudzi achimwene ali ndi khanda, mwana wamkazi, ndipo pa chithunzi chipumi ndi chanu chenicheni. Kadimba kanu ka kuseri kwa nyumba sindinakataye. Mpiru unachita bwino, koma nkhwani zinadyedwa ndi nkhono za kuno zopanda chigoba zija. Paja munkati, "Dziko la eni, ngakhale nkhono zimadya ngati zalipira lendi."

Chibwerereni ku maliro anu ku Ntcheu, abambo ankasinza paliponse: kutchalitchi, patebulo, ngakhale foni ili kukhutu. Tinkati ndi chisoni, kapena kutopa ndi ntchito yawo ija yoyendera okalamba m'makomo. Kenako tsiku lina anagona pa chiwongolero ataima pa maloboti a ku Kings Heath, ndipo anadzutsidwa ndi hutala ya basi. Ndinawaperekeza kwa dokotala mochita kuwakoka. Dokotalayo anafunsa ngati alipo amene amawaona akugona. Funso limenelo linali lanu, Amayi. Ndinu amene munkawagunda ndi chigongono, ine ndikumva kuseri kwa khoma: "Bambo a Tadala, tembenukani, mukuthamangitsa angelo!" Tinkaseka, osadziwa kuti chigongono chanucho ndicho chinkawabwezera mpweya.

Lamlungu lina masana anakagona titachoka kutchalitchi. Ndikuwerenga mabuku anga, ndinamva mkonono ukuduka mwadzidzidzi. Kunati zii. Ndinaima pakhomo paja pamene munandiletsa kudutsa nditangotha msinkhu, ndikudikira kuti apume, koma sanapume. Ndinalowa. Chifuwa chinkagwedezeka, mpweya osalowa, mpaka anadzambatuka ngati munthu amene wavuuka m'madzi, n'kugonanso. Ndinawajambula pa foni yanga. Atadziwa, sanandikalipire, anangoimbira foni azakhali. Azakhaliwo ndiye anandisambitsa chokweza, amvekere yunivesite yandichotsa ulemu, ndipo kumanda kwanuko mukuchita manyazi.

Dokotala ataona kanemayo anawatumiza kukayezedwa. Anapeza kuti akagona, pakhosi pamatsekeka mobwerezabwereza, choncho thupi silipuma ngakhale agone mpaka dzuwa kutuluka. Anawaletsa kuyendetsa galimoto kufikira atathandizidwa. Mukudziwa tanthauzo lake: popanda galimoto palibe ntchito, ndipo popanda ntchitoyo viza yathu yatha. Mankhwala ake ndi makina opopera mpweya m'mphuno munthu akamagona. Kuchipatala cha boma akanatipatsa, koma mzere wake ndi wautali kuposa kuleza mtima kwa mabwana awo. Choncho tinagula tokha, podalira inshuwalansi ya zaumoyo imene amawadula kuntchito mwezi ndi mwezi.

A inshuwalansiwo anakana kubweza. Chifukwa chake? Ataimba foni kufunsa kuti vutoli linayamba liti, abambo anayankha monga amayankhira kwa akuluakulu, mosabisa kanthu ndi monyadira, kuti mkonono anayamba asanakukwatireni n'komwe. A inshuwalansiwo anati basi, matendawa ndi akale, sakuwakhudza. Ndipo abambo anawathokoza, Amayi! Anathokoza kawiri konse, atagwira foni ndi manja awiri. Ine ndinawalembera a inshuwalansiwo kuti mkonono si matenda, theka la azibambo a kutchalitchi kwathu amaliza mkonono, ndipo palibe dokotala amene anawapezapo ndi vutoli asanalowe inshuwalansiyo. Dokotala naye anachitira umboni. Anazengereza, ndinaimba, anandizungulitsa, ndinaimbanso. Dzulo avomera. Ndinakuwa m'laibulale mpaka anzanga onse kutembenuka.

Makinawo mukanawaona mukanaseka mpaka misozi. Ndi kabokosi ngati wailesi, kokhala ndi paipi yolowera ku chophimba mphuno, moti abambo amaoneka ngati kamwana ka njovu. Masiku oyamba ankachivula, akuti chikuwanyonga. Tsopano amadzuka ine ndisanadzuke, akuimba nyimbo za kwaya, n'kuyamba kundifunsa chifukwa chake mawindo sanapukutidwe. Maso awo ayera. Munthu amene munamusiya uja wabwerera.

Yankho langa ndi ili. Mwambowo ndi wabwino, ndipo sindikuunyoza. Koma unakhazikitsidwa pamudzi pamene pali amalume, achimwene ndi anansi oti n'kuwathamangira. Kuno m'nyumba muno tili awiri. Mwambo umenewu cholinga chake ndi kulemekeza bambo, ndipo ine ndasankha kulemekeza bambo wamoyo. Inu nomwe munkati, "Ulemu wopanda maso ndi ulesi."

Zimene ziyenera kuchitika tsopano ndi izi:

1. Abambo azivala chophimbacho nthawi iliyonse akagona, ngakhale tulo ta masana. Makinawo amasunga maola onse amene achivala, dokotala adzaona, ndipo ndi iye amene adzawalole kuyendetsanso. Mabwana awo avomera kudikira.

2. Loweruka ndikukwera sitima kupita kwa azakhali. Ndidzavala chitenje, ndidzagwada, ndidzalankhula motsitsa mawu. Koma kupepesa sindipepesa, ndipo kanema uja adzamuonera mpaka kumapeto.

3. Ndapempha abusa kuti andipatse mpata pa msonkhano wa amayi. Alipo ambiri pakati pathu amene akugona okha m'tizipinda ta lendi, akazi kapena amuna awo ali kumudzi, ndipo palibe amene amawamva akagona.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse. Ndikulonjeza kuti tsiku limene abambo adzalizenso galimoto, sindidzawalola kupita okha. Ndidzakhala pampando wanu wakutsogolo uja, ndipo ndidzawalongolozera njira yonse monga munkachitira inu.

Ine mwana wanu,
Tadala