Nyimbo ya amayi posinja

Masiphumelele,
Cape Town.
18 June, 2023.

Okondedwa achimwene a Daliso,

Moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko ku Ntcheu pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Ndinamva kwa azakhali a Tabia kuti mwendo uja unayambanso kutupa nthawi yokolola, kaya mukupezako bwanji tsopano. Ine ndilipo, kungoti kuno kukuzizira koopsa, mvula ikugwa yopingasa ndipo denga likudontha pamwamba penipeni pa bedi. Ntchito ku Noordhoek idakalipo, kwa madamu omwe aja a agalu atatu.

Kalatayi ndapatsira a Julius onyamula katundu, popeza nambala yanga munaitseka chichokereni maliro a amayi. Sindikukudandaulani pa zimenezo. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanaing'ambe.

Ndalakwa, achimwene. Laputopu munandisiyira pobwerera kumudzi ija yasiya kutseguka, ndipo woiwononga ndine.

Nkhani yake ili chonchi. Mwezi watha azakhali anandiimbira kuti chiliza cha amayi mukumanga mu August, ndipo wosema mwala akufuna chithunzi pasanafike pakati pa July. Anati foni yanu yakale inagwera m'chitsime ndi zithunzi zonse, ndiye zimene munawajambula amayi pa Khirisimasi ya 2018, atavala yunifolomu ya Mvano, zatsala m'laputopu muno basi. Ndinasangalala kuti pa ntchito imeneyi nanenso ndiikapo dzanja.

Koma inu mukuidziwa laputopuyi. Ukaiyatsa umatha kuwiritsa madzi, kumwa tiyi, kutsuka kapu, iyo idakadzukabe. Tsiku limenelo inandikwiyitsa. M'malo motumiza chithunzi kaye, ndinayamba ndi kufuna kuichiza. Ndinapeza kanema pa foni, mwamuna wina akuphunzitsa kuti kompyuta imachedwa chifukwa cha mapulogalamu ambiri amene amadzuka nayo limodzi, ndipo ukawazimitsa imathamanga. Ndinatsatira. Pa tsamba lina panali mndandanda wautali, dzina lililonse lili ndi kabokosi kochonga. Mwamunayo amayankhula mozungulira, ine data ikutha, ndiye ndinadumphitsa kanemayo. Ndinaona batani lozimitsira zonse pakamodzi, n'kudina. Inapempha kuti iyambirenso, ndinalola.

Chiyambire pamenepo, timadontho timangozungulira pa sikirini yakuda. Ndinaizimitsa ndi kuiyatsa kambirimbiri. Nthawi imodzi inafika pofunsa manambala anayi munandiikira aja, koma inalemba kuti manambalawo sakugwiranso ntchito. Ndinaipempherera ndithu, manja ndili pamwamba pake, musaseke.

Tchimo loyamba ndi ili: azakhali ataimbanso ndinawauza kuti laputopu yapsa ndi kuzimazima kwa magetsi. Kuno aliyense amanamizira magetsi, ndiye bodzalo linatuluka lokha ngati mpweya. Azakhali anandipepesa, mpaka anati andipempherera. Sabata imeneyo sindinadye Mgonero.

Loweruka ndinainyamula m'chikwama cha pulasitiki kupita nayo kwa a Mackford, a kutchalitchi kwathu aja amakonza mafoni m'kontena pafupi ndi renki ya mataxi. Nawonso ndinayamba kuwauza za magetsi, koma anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti magetsi alibe zala zochotsera machongi. Ndinaulula. Anati kanemayo ndinadumpha malo ofunika, pamene amati uyambe wabisa mapulogalamu a kompyuta mwini wake kuti usawakhudze. Akuti ine ndili ngati bwana amene wachotsa ntchito antchito onse tsiku limodzi, wophika, wa m'gadeni, mpaka mlonda wosunga kiyi, kenaka akuimba huta pa geti kudabwa kuti sakumutsegulira. Anthu amene anali m'kontena mwawo anaseka. Ine ndi satifiketi yanga ya Fomu 4 ndinangoti zyoli. Safunsa anadya phula.

Komabe anayesetsa. Anaizimitsa mokakamiza katatu ikungoyamba kuyaka, mpaka inabweretsa sikirini ya buluu. Pamenepo anasankha njira imene akuti ndi khomo lakuseri, yotsegula kompyuta ndi zofunika zokhazokha. Akuti munthu ukalowa pamenepo umangobwezera machongi aja, n'kuiyatsanso, ntchito ya mphindi zisanu. Mtima unakhala pansi. Koma khomo lakuserilo silifuna manambala anga. Likufuna pasiwedi yeniyeni, imene munaika inu tsiku logula.

Ndinafunsa ngati sangangochotsa diski n'kukopera zithunzi pa kompyuta ina. Anati diskiyo ndi yokhoma, kwina siingawerengeke. Njira yotsala ndi kufufuta zonse n'kuyamba mwatsopano; laputopu idzathamanga bwino, koma amayi mulibemo. Ndinawauza kuti asayerekeze.

Achimwene, ukalakwitsa pasiwedi, pansi pake pamabwera mawu okumbutsa amene munalemba nokha. Palembedwa kuti nyimbo ya amayi posinja.

A Mackford anakondwa, anati basi zatheka, mwana wamkazi sangalephere zimenezo, poti ndi iye amakhala ndi munsi wachiwiri. Ndinakhala pampando n'kuyamba kulemba. Ndinayesa nyimbo za m'buku zimene ndimakumbukira kuti amazikonda, manambala ake ndi mizere yoyamba. Ndinayesa za kwaya ya amayi, za ukwati, ngakhale ina yonyoza apongozi imene amayimba abambo akachokapo. Zilembo zazikulu, zazing'ono, mophatikiza, molekanitsa. Zonse zinakana. A Mackford anafunsa mocheza ngati ndinali mwana wa m'nyumbamo kapena wa lendi. Sanadziwe kuti abaya pachilonda. Ndinanyamula laputopu yanga osatsanzika, ndipo ndiyenera kukawapepesa.

Sabata yathunthu tsopano ndikuyesa. Ndimasita zovala za madamu ndikung'ung'udza, mwina ibwera. Ndikatseka maso ndimawaona amayi, chitenje chomanga m'chiuno, thukuta pamphuno, ndimamva ngakhale kugunda kwa munsi mu mtondo. Koma pakamwa pawo sipakutuluka mawu. Zimene ndasunga m'mutu ndi nyimbo za Chixhosa za mu taxi. Ndakwiya ndi laputopu, ndakwiya ndi mwamuna wa m'kanema uja, ndakwiyanso ndi inu poika funso lotere, koma kwenikweni ndadzikwiyira ndekha.

Popeza ndayamba kuulula, ndimalize. Nthawi ya maliro ndinakuuzani kuti madamu andikaniza tchuthi. Sanandikanize. Anandiuza okha kuti ndipite. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndinaopa kuti ndikafika pa boda andidindira chidindo choletsa kubwerera. Ndinasankha ntchito, bodza n'kuika pa munthu wosalakwa. Ndikuganiza kuti inu munadziwa, n'chifukwa chake munanditseka. Abusa ndinawafotokozera kale, anati Mulungu amakhululuka koma m'bale wako umuuze wekha. Ndakuuzani.

Pempho langa ndi limodzi. A Julius anyamuka kumeneko kubwerera kuno pa 2 July. Mundilembere pasiwediyo pa kapepala, ndendende mmene munailembera, zilembo zazikulu ndi zazing'ono, muwapatsire. Simukuyenera kulembapo moni kapena dzina langa. Ikangotseguka, chithunzi chidzafika kwa azakhali tsiku lomwelo, ndipo pa mndandanda uja sindidzakhudzanso kanthu moyo wanga wonse. Azakhali muwauze zoona za magetsi, kapena musiye ndidzawauze ndekha.

Koma ngati mtima wanu ungalole, nditseguleni mphindi imodzi yokha, mujambule mawu muli kuyimba nyimboyo, kenaka mutsekenso. Ndikudziwa kuti kuyimba si mphatso yanu, amayi ankanena kuti mumathamangitsa nkhuku. Zilembo zidzatsegula laputopu, koma ine ndikufuna ndidziwe mayimbidwe ake, kuti pa tsiku la chiliza, kaya ndidzakhala kuno kaya kumeneko, ndisadzangoyasamula pakamwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Mwana wanu Cecilia mumuuze kuti jekete ili mu katundu ndatumiza ndi kalatayi ndi yake, asalimbirane ndi mng'ono wake. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Modester